Kodi kungochepetsa nyama n'kokwanira?

Mlungu wathawu ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga zolemba zanga. Iwo akuti anaonera kanema wosonyeza mmene nkhuku ndi nkhumba zimawetedwera m'mafamu akuluakulu a malonda, ndipo tsopano akaika nyama m'kamwa mtima umawatsutsa, komabe akuopa kuti akaisiya ana awo adzaperewera zofunika m'thupi. Akufunsa ngati kungochepetsa kuli ndi phindu, kapena ndi kudzinamiza chabe.

Mayi, funso lanuli ndinalimbana nalo inenso kwa zaka zambiri, ndipo chimene chinandiyambitsa chinali ulendo wa ntchito umene unandifikitsa m'khola lalikulu la nkhuku za nyama. Choyamba kundilandira pakhomo chinali fungo la zitosi, loyabwa m'maso mpaka kutulutsa misozi. M'katimo munali nkhuku zoyera zikwizikwi, zothithikana kuyambira kukhomo mpaka kukhoma la kumapeto, popanda zenera lolowetsa dzuwa. Nkhuku ina pafupi ndi phazi langa inadzuka kuti ikamwe madzi, inayenda pang'ono miyendo ikunjenjemera, kenako inagwa chafufumimba n'kumapuma wefuwefu, kukamwa kuli yasa. Pachidali pake nthenga zinali zitasosoka ndipo khungu linali lofiira chifukwa chogonera zitosi zonyowa. Bambo amene ankandiyendetsa anandiuza kuti ntchito yawo yoyamba m'mawa uliwonse ndi kutola zakufa. Iwo sanali munthu wankhanza ayi, ankadyetsa ndi kumwetsa nkhukuzo mokhulupirika, ndipo mfundo imeneyi ndi imene inandisowetsa tulo kwambiri, chifukwa inatanthauza kuti zimene ndinaonazo zinali khola loyenda bwino monga mwa dongosolo lake.

Pambuyo pake ndinafuna kumvetsa chifukwa chimene nkhuku ya milungu isanu ingalepherere kunyamula thupi lake. Akatswiri a pa University of Alberta ku Canada anafalitsa kafukufuku mu 2014, momwe anaweta mitundu ya nkhuku ya zaka zosiyana pa chakudya chofanana. Pofika masiku 56, mtundu wa mu 1957 unkalemera magalamu 905, pamene mtundu wa mu 2005 unkalemera makilogalamu opitirira 4. Anthu anasankha mbewu ya nkhuku yonenepa msanga, koma mafupa ndi mtima sizikula pa liwiro lomwelo. Tsono ganizirani kuti padziko lonse nkhuku zoposa 70 biliyoni zimaphedwa chaka chilichonse, ndipo zambiri mwa izo zimachokera m'makola otere. Zoikira mazira nazo zili ndi mavuto ake: m'maiko ambiri zimakhala m'tizikwere ta waya momwe iliyonse ili ndi malo osafika kukula kwa pepala la A4, ndipo anapiye aamuna amaphedwa atangoswa chifukwa sadzaikira. Bungwe la European Union linaletsa tizikwere totere mu 2012, ndipo Germany inaletsa kupha anapiyewo mu 2022, umboni wakuti ngakhale maboma akuvomereza kuti pali cholakwika.

Ine sindikhulupirira kuti kudya nyama pakokha ndi kulakwa, ndipo sindingamuloze chala munthu amene chakudya chimamuvuta kupeza. Koma ndikunena mosabisa kuti kusunga cholengedwa chomva ululu moyo wake wonse pamalo pamene sichingatambasule mapiko kapena kutembenuka ndi nkhanza, ndipo sikusiya kukhala nkhanza chifukwa chakuti tazolowera. Nkhumba ndi nyama yanzeru, yokonda kufukula pansi ndi kukonzera ana ake pogona, koma m'mafamu ambiri yaikazi imatsekeredwa m'chitsulo chongokwana thupi lake. Amene amati nyama sizimva kanthu sanaimvepo nkhumba ikulira.

Palinso nkhani ya mankhwala, imene imandikwiyitsa koposa chifukwa imakhudza ngakhale munthu amene sanalawepo nyama. Ziweto zikathithikana, matenda amafala msanga, choncho alimi ambiri amathira maantibayotiki m'chakudya ndi m'madzi a ziweto zosadwala n'komwe, ena pofuna kuti zikule mofulumira. Mabakiteriya akamakumana ndi mankhwala pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, ofooka amafa ndipo olimba amatsala n'kuswana, kenako amafika kwa anthu kudzera m'nyama yosapsa bwino, m'madzi ndi m'ndowe. European Union inaletsa kugwiritsa ntchito maantibayotiki pokulitsa ziweto mu 2006, ndipo World Health Organization inapempha alimi onse mu 2017 kuti asiye kuwapatsa ziweto zathanzi. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya The Lancet anapeza kuti mu 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anamwalira ndi mabakiteriya osamva mankhwala. Ulimi si wokhawo woyambitsa vutoli, pakuti nafenso anthu timamwa mankhwalawa mosasamala, koma nawonso uli ndi gawo lake.

Nanga thupi lathu?

Mu 2015 nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa inanena kuti nyama yokonzedwa m'mafakitale, monga masoseji, ham ndi bacon, imayambitsa khansa ya m'matumbo, ndipo kudya magalamu 50 tsiku lililonse kumakweza chiopsezocho ndi 18 peresenti. Za nyama yofiira, ya ng'ombe, nkhumba, mbuzi ndi nkhosa, inati n'kutheka kwambiri kuti nayonso imayambitsa. Izi sizitanthauza kuti soseji imodzi ikudwalitsani. Nkhani yagona pa kuchuluka kwake ndi zaka zimene munthu wakhala akudya. Bungwe la World Cancer Research Fund limalangiza kusapitirira magalamu 350 mpaka 500 a nyama yofiira yophika pa mlungu.

Apa pali msampha umene anthu ambiri amakodwamo. Akamva za khansa, kapena za lipoti la mu 2013 la FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, lakuti ziweto zimatulutsa 14.5 peresenti ya mpweya wotenthetsa dziko wochokera ku zochita za anthu, amasiya ng'ombe n'kuchulukitsa nkhuku. Koma nyama ya ng'ombe imodzi imafanana ndi ya nkhuku zoposa 100, choncho munthu wotero wachulukitsa zolengedwa zozunzika m'malo mozichepetsa.

Tsono Mayi, kuchepetsa si kudzinamiza, chifukwa mafamu amaweta molingana ndi zimene anthu akugula. Yambani ndi kuchotsa nyama ya m'mafakitale, kenako patulani masiku angapo pa mlungu amene mudzaphike nyemba, mphodza, nandolo, soya kapena mtedza m'malo mwa nyama, ndipo ikani pambali chipatso kapena masamba okhala ndi vitamini C kuti thupi lithe kuyamwa ayironi. Nyama ndi mazira zimene mukugulabe zichokere kwa mlimi amene mungathe kumufunsa mmene amawetera. Mukadzaganiza zosiyiratu zonse zochokera ku ziweto, dziwani kuti vitamini B12 sapezeka m'zomera, ndipo pa ana aang'ono kapena mayi woyembekezera musasinthe kadyedwe kotere musanakambirane ndi dokotala.