Theka linalo lapita kuti?

FUNSO: Aphunzitsi, ndili Fomu 3. Tinaphunzira kuti ntchito timaipeza pochulukitsa force (kukoka kapena kukankha) ndi mtunda. Pa mayeso anatipatsa sipulingi yomwe yakokedwa mpaka 20 N (N ndi newton, muyezo wa force), n'kutalika ndi 0.1 m. Ine ndinapeza ntchito ya 2 J (J ndi joule, muyezo wa ntchito) koma anandithetha, akuti yankho ndi 1 J. Theka linalo lapita kuti?
Mtsikana wa ku Dedza

YANKHO: Mwana wanga, kuchulukitsa wachulukitsa bwino. Pomwe waphonya m'poganiza kuti 20 N ija inalipo kuyambira poyamba.

Tsiku la msika ukaime pafupi ndi mavenda ogula mtedza, uyang'anitsitse sikelo yawo yopachika ija. M'kati mwake muli sipulingi. Akakoleka thumba lopanda kanthu, kamuvi sikasuntha. Akathira kilogalamu imodzi sipulingi imatalika pang'ono, akafikitsa awiri kutalikako kumawirikiza. Ili ndi lamulo lomwe Robert Hooke wa ku England anasindikiza mu 1678, lija mumalemba kuti F = kx, pomwe F ndi force, x ndi mtunda womwe sipulingi yatalika, ndipo k ndi kulimba kwa sipulingiyo.

Kilogalamu imodzi imakoka ndi pafupifupi 10 N, ndiye 20 N yako ndi makilogalamu awiri. Tsono yerekeza kuti mtedzawo ukuthira dzanja limodzilimodzi. Poyamba kukokako ndi ziro, kenaka kukukwera pang'onopang'ono, ndipo 20 N ikukwana pamapeto penipeni. Ungailipire bwanji mtunda wonse pamene yangofika kumene? Utenge chapakati pa 0 ndi 20, chomwe ndi 10 N, uchulukitse ndi 0.1 m. Ndi 1 J imeneyo. Theka la mu ½kx², njira yopezera ntchito yokoka sipulingi, limachokera pamenepa. Yesa wekha, k wa sipulingi yakoyo ndi 200 N/m.

Ntchito imeneyi imakhala yosungidwa m'sipulingimo, ndiyo potential energy. Chichewa chathu chimatisokonezako apa, poti force ndi energy zonse timangoti mphamvu. Ine ana anga ndinkawauza kuti force ndi kukokako, energy ndi zomwe kukokako kwasungitsa. Ukakoka mtunda wowirikiza, zosungidwazo zimachuluka kanayi, osati kawiri. Alongo ako a legeni amazidziwa izi ndi manja, ngakhale mphira sutsata lamulo la Hooke ndendende.

Koma 2 J yako ija usaitaye, ili ndi pake. Ukakoleka makilogalamu awiri onse nthawi imodzi n'kusiya, kulemera kwa thumbalo kumagwiradi ntchito ya 2 J pofika pa 0.1 m. Sipulingi imasunga 1 J yokha, inayo imakhala mu liwiro la thumba. N'chifukwa chake thumbalo limapitirira, n'kubwerera, n'kumadumphadumpha mpaka 1 J yotsalayo itasanduka kutentha. Ndi nthawi ija venda amagwira thumba ndi dzanja kuti kamuvi kakhazikike, mlimi maso ali tong'o pa sikelo.