Fourways, Sunninghill kapena Midrand? Yankho kwa mayi amene akusaka nyumba yogula

Mayi wina wa kwathu wanditumizira imelo. Iwo amagwira ntchito ku Sandton, kuno ku Johannesburg m'dziko la South Africa, bambo a kunyumba ku Midrand, ana alipo awiri ndipo wamkulu akuyamba sekondale, Grade 8, chaka chamawa. A banki awauza kuti angathe kufika pa nyumba ya R2.5 miliyoni. Funso lawo ndi ili: "Tigule ku Fourways, ku Sunninghill kapena ku Midrand? Anzathu onse akutchalitchi akuti kwa anthu ndi ku Fourways."

Mayi, anzanu akutchalitchiwo amafika ku Fourways Lamlungu masana, msewu uli mbee, n'kudya nsima, n'kusirira kapinga, n'kubwerera kwawo. Inu mudzatuluka pagetilo Lolemba cha m'ma 6:45, mvula itagwa usiku, maloboti a pa msewu wa Witkoppen atafa. Ngongole ya zaka 20 mudzalipira ndinu, osati iwo. Dera musalisankhe ndi dzina. Lisankheni poona msewu umene mudzayende tsiku ndi tsiku, paipi imene imabweretsa madzi pamenepo, ndi ndalama zimene zidzachoke mwezi uliwonse kuwonjezera pa bondi, ngongole ya nyumba ya ku banki.

Tiyambe ndi msewu. Kuchokera ku Fourways Mall kukafika pakati pa Sandton ndi makilomita pafupifupi 15, ndipo njira yaikulu ndi Winnie Mandela Drive, umene mpaka 2023 unkatchedwa William Nicol ndipo ambiri akuutchulabe choncho. Usiku ndi ulendo wa mphindi 20. M'mawa ungakudyereni ola. Vuto lina n'lakuti ma ejenti amalemba "Fourways" pa nyumba za ku Magaliessig, Lonehill, Douglasdale, Craigavon, Broadacres mpaka kufupi ndi Dainfern, pamene madera amenewa safanana ngakhale pang'ono pa nkhani ya ulendo. Wa ku Magaliessig ali pakhomo pa msewu waukulu wa N1. Wa ku Broadacres ayenera kulimbana kaye ndi Cedar Road asanafike pamene mnzakeyo wayambira. Ku Fourways kulibenso siteshoni ya sitima yothamanga ya Gautrain. Kuli mabasi ake opita ku siteshoni ya Sandton, ndipo mabasiwo amaima mu mzere womwewo wa magalimoto. Midrand ili ndi siteshoni yakeyake, ndipo sitima imadutsa ku Marlboro n'kufika ku Sandton m'mphindi zochepa, koma ngati nyumbayo ili ku Blue Hills kapena kumapeto kwa Noordwyk, kukafika pasiteshoniyo ndi ulendo wina paokha.

Choncho musanakonde khitchini ya nyumba iliyonse, pitani mukaime pageti lake tsiku la pakati pa sabata, nthawi yeniyeni imene mumanyamuka, sukulu zitatsegula. Osati mu December mzinda ukakhuthuka. Yendani ulendo wonse mpaka kusukulu ndi kuntchito, bambo nawonso ayende wawo, ndipo mubwerenso madzulo cha m'ma 5. Onani kuti complex imeneyo, mpanda wa nyumba zambiri, ili ndi mageti angati otulukira, ndiponso ngati potuluka muyenera kukhotera kumanja kudutsa msewu waukulu wopanda loboti. Nyumba 300 zotulukira pa geti limodzi zimapanga jamu yawoyawo musanaponde n'komwe msewu wa boma.

Madzi ndi nkhani imene ogulitsa sayiyamba okha. Rand Water imagulitsa madzi kwa Johannesburg Water, ndipo iwowa amawadzaza m'madamu osungira ndi m'nsanja zimene zimagawira madera. Mapampu akaima, kapena pakakhala ntchito yokonza mapaipi akuluakulu, nyumba za pamtunda ndi zimene zimayamba kuuma ndipo ndi zimene zimalandira madzi pomaliza. Misewu iwiri yoyandikana ingathe kukhala pa nsanja zosiyana, wina akusamba wina akutunga pa thanki ya khonsolo. Ejenti mukamufunsa adzati kuno kulibe vuto. Funsani mlonda wa pageti, kapena bambo amene amatchetcha kapinga, amene mwina ndi wa kwathu komwe ndipo akuuzani m'Chichewa kuti mwezi watha madzi anasowa masiku angati. Mukaona matanki obiriwira pafupifupi pa nyumba iliyonse ya mumsewumo, yankho mwalipeza kale. Pa magetsi funsani ngati amachokera ku City Power, kampani ya khonsolo, kapena ku Eskom mwachindunji, poti kumpoto kwa Johannesburg kuno kuli zonse ziwiri, mitengo yake ndi yosiyana, ndipo kokadandaula thiransifoma ikapsa n'kosiyananso.

Tsopano nkhani imene imandipsetsa mtima, ya levy, ndalama imene eni nyumba amasonkha mwezi uliwonse yoyendetsera complex. Anthu amayerekeza mitengo ya nyumba n'kuiwala kuti mtengo weniweni ndi wa pamwezi. Pa chiwongoladzanja cha 10.5%, ngongole ya R1 miliyoni ya zaka 20 imalipidwa pafupifupi R10,000 pamwezi. Ndiye kuti levy ya R3,000 ikufanana ndi ngongole ina ya R300,000, koma imeneyi siitha pakatha zaka 20, ndipo imakwera chaka ndi chaka. Nyumba ya R2.2 miliyoni ya levy yaikulu ingakhale yodula kuposa ya R2.5 miliyoni ya levy yaing'ono. M'ma estate ena akuluakulu mumalipira kawiri: kwa body corporate, bungwe loyendetsa complex yanu, komanso kwa bungwe la eni nyumba a estate yonse. Pamwamba pake pali msonkho wa nyumba wa ku khonsolo, zinyalala, zonyansa za m'mapaipi, ndi kandalama ka CSOS, bungwe la boma loweruza madandaulo a m'ma complex, kamene sikapitirira R40 pamwezi. Ku Waterfall ku Midrand, kumene ambiri amakusirira chifukwa cha Mall of Africa, dziwani kuti malowo mumachita kubwereka kwa zaka 99, simukhala mwini nthaka. N'zololedwa ndipo mabanki amapereka ngongole, koma funsani zimene mudzalipire tsiku limene mudzagulitse.

Levy yotsika kwambiri nayonso musaisekerere. Kawirikawiri imasonyeza kuti denga, utoto ndi mpanda wamagetsi sizikusungiridwa ndalama, ndipo tsiku lina mudzalandira kalata ya special levy, ndalama yoonjezera ya masauzande ambiri. Lamulo la Sectional Titles Schemes Management Act, limene linayamba kugwira ntchito mu 2016, limalamula body corporate kukhala ndi thumba la ndalama zosungira komanso ndondomeko ya zokonza ya zaka 10. Pemphani zikalata zimenezi, lipoti la zachuma lofufuzidwa ndi ma odita, ndi zolemba za msonkhano wapachaka wapitawo. Muone kuti eni nyumba angati ali ndi ngongole ya levy. Akakhala ambiri, olipira mokhulupirika ndi amene amasenza anzawo, ndipo mabanki ena amakana kupereka bondi mu complex yotero, zimene zidzakuvutitsani inu pogulitsa. Akakana kukuonetsani mapepalawa, chokanipo.

Pali chinanso chimene magazini a nyumba salemba chifukwa salembera ife. Ife kwathu kumabwera alendo. Apongozi akabwera kudzaonana ndi dokotala amakhala miyezi iwiri, mphwanu wotsika basi ku Park Station amafuna pogona mpaka apeze ntchito, pakagwa zovuta anthu a mumpingo amadzaza pabalaza kuimba mpaka usiku. Malamulo a ma complex ambiri amaika malire pa chiwerengero cha anthu ogona m'nyumba, malo oimika magalimoto a alendo, phokoso, ngakhale poyanika zovala, ndipo chindapusa chake amachiphatikiza pa levy. Werengani malamulowo musanasayine. Banja lolandira alendo kawirikawiri limapuma bwino m'nyumba yoima payokha, mumsewu wotsekedwa ndi chipata cha boom, ngakhale kuti pamenepo alamu, kampani ya alonda, denga ndi giza zonse ndi zanu. Ganiziraninso munthu amene adzakuthandizani ntchito zapakhomo. Ngati akuchokera ku Diepsloot, Cosmo City, Alexandra kapena Tembisa, teksi imamutsitsa pati, ndipo ayenda mtunda wotani kuchokera pageti la estate kukafika pakhomo panu? Ambiri a ife tinayambira mbali imeneyo ya geti, sitiyenera kuchita kukumbutsidwa.

Za sukulu. Ku Gauteng malo a Grade 1 ndi Grade 8 m'sukulu za boma amafunsiridwa pa intaneti chaka chisanafike, ndipo oyamba kuganiziridwa ndi ana amene adilesi ya kwawo ili m'dera limene sukuluyo inapatsidwa. Adilesi ya kuntchito kwa kholo imabwera pambuyo. Malire a maderawa satsata mayina a pa zikwangwani za ma ejenti, ndiye musangoganiza kuti nyumba ya "Fourways" ikulowetsani ku Fourways High, kapena ya "Bryanston" ku Bryanston High. Imbirani sukuluyo muwapatse dzina la msewu ndi nambala. Kumpotoku nyumba zamangidwa mofulumira kuposa sukulu za boma, ndipo mukaphonya malo, sukulu zambiri zapulayiveti za kumeneko zimapitirira R100,000 pachaka pa mwana mmodzi. Kumbukiraninso kuti kusamutsa nyumba kukhala m'dzina lanu kumatenga pafupifupi miyezi itatu, pamene pofunsira malo amafuna umboni wa kumene mukukhala pa nthawiyo.

Musanasayine

Chikalata chofunsira kugula nyumba chimene amati Offer to Purchase si chongosonyeza chidwi. Wogulitsa akangosayina, ndi pangano lomanga, ndipo masiku 5 osinthira maganizo amene anthu amawatchula amagwira pa nyumba zosapitirira R250,000 zokha. Mulembemo kuti panganolo lidalira kuvomerezedwa kwa bondi ya ndalama zakutizakuti pofika tsiku lakuti, komanso lipoti la katswiri woyendera nyumba. Kuyambira 2022 ejenti ayenera kukupatsani fomu imene mwininyumba walembapo zolakwika zimene akuzidziwa, ndipo ejentiyo akhale ndi Fidelity Fund Certificate, satifiketi yomulola kugwira ntchitoyi. Pemphani mapulani ovomerezedwa ndi khonsolo, chifukwa kanyumba ka kuseri kapena khonde lotsekedwa popanda chilolezo limasanduka mlandu wanu. Satifiketi ya magetsi itchulenso sola ndi inveta ngati zilipo, ndipo mpanda wamagetsi ndi gasi zili ndi masatifiketi akeake.

Nyumba ikakhala kufupi ndi mtsinje wa Jukskei, Sandspruit kapena Braamfontein Spruit, funsani za malire a madzi osefukira ndipo mutenge mtengo wa inshuwalansi musanavomere. Mukakopeka ndi mitengo ya ku Centurion, kumeneko mbali zina nthaka ndi ya dolomite imene imatitimira, funsani lipoti lake. Muyang'anenso kumene pabalaza ndi zipinda zayang'ana: kuno dzuwa la nyengo yozizira limakhala kumpoto, ndipo nyumba yoyang'ana kummwera mu June ndi July mudzaitenthetsa ndi magetsi tsiku lonse.

Ndalama za pambali musaziwerengere m'bondi. Malinga ndi mitengo imene inayamba pa 1 April 2025, msonkho wosamutsira nyumba wa transfer duty umayambira pa nyumba yoposa R1,210,000, ndipo pa R2.5 miliyoni ndi pafupifupi R67,000. Mukaonjezera maloya awiri, wosamutsa nyumba ndi wolembetsa bondi, zonse zimayandikira kapena kupitirira R150,000. Nyumba yatsopano yogula kwa kampani yomanga ilibe transfer duty poti VAT ili kale mumtengo. Ngati muli pa pemiti ya ntchito osati chilolezo chokhala mpaka kalekale, pezani chivomerezo cholembedwa cha banki musanayambe kusaka, chifukwa mabanki amafuna dipoziti yokulirapo kwa alendo, ndipo amene sakhala m'dziko muno amangobwerekedwa theka la mtengo.

Ndiye mugule kuti? Wina akupita ku Sandton, wina ku Midrand, pakati pake ndi Sunninghill ndi Paulshof. Inu mutsika ndi Rivonia Road, bambo alowera Maxwell Drive kapena N1, ndipo palibe amene akudutsa mzinda wonse. Pa R2.5 miliyoni kumeneko yembekezerani townhouse ya zipinda zitatu, osati nyumba ya bwalo lalikulu. Ngati bwalo ndi chipinda cha alendo zili zofunika kwambiri, yang'anani ku Vorna Valley kapena Halfway Gardens ku Midrand, inu muzikwera Gautrain. Fourways ndingaiganizire pokhapokha sukulu itakutsimikizirani kuti adilesiyo ili m'dera lake, ndipo ikhale mbali ya Magaliessig kapena Lonehill, osati kupitirira Cedar Road.