Mapeni akuda ndi obiriwira: kutsuka kapena kutaya?

Kalata yafika kuchokera kwa m'bale wathu wina wokhala ku Ohio, ku America. Amatenga mabokosi a mapeni (makobidi a senti imodzi) ku banki, n'kumapatula a mkuwa, ndipo pano wadzaza ndowa ziwiri. Ambiri ndi akuda bii, ena abiriwira, ena amamata m'manja. Akufunsa ngati awatsuke ndi viniga ndi mchere monga amaonetsera pa YouTube, kapena angowataya.

Achimwene, mwagunda pachilonda. Nkhani ya viniga ndi mchere imeneyi imandikwiyitsa, chifukwa amene amaiphunzitsa amakuonetsani peni ikuwala pa mphindi yoyamba, koma sabweranso patatha mwezi kudzakuonetsani mmene yakhalira.

Tiyambe ndi zimene zili m'ndowa zanuzo. Peni ya ku America yopangidwa chisanafike chaka cha 1982 ili ndi mkuwa magawo 95 pa 100 alionse, ndipo imalemera magalamu 3.11. Mkati mwa 1982 boma linasintha kapangidwe: mkati anayamba kuikamo chitsulo china chotchedwa zinc, kunja n'kungokutira kachikopa kopyapyala ka mkuwa, kulemera kwake magalamu 2.5. Chaka cha 1982 chili ndi mitundu yonse iwiri, choncho kuwerenga chaka sikukuuzani kanthu, pamafunika sikelo yaing'ono yotha kuwerenga mpaka 0.01 ya galamu. Ya 1943 ndi ina yapayokha, ndi yachitsulo ndipo imakakamira ku maginito. Ndayamba ndi izi chifukwa mkuwa ndi zinc siziola mofanana, ndipo munthu wosasiyanitsa amataya zabwino n'kusunga zowola.

Peni ya mkuwa ikada, kapena ikasanduka yofiirira ngati khofi, imeneyo sinawonongeke. Pamwamba pake mkuwa wakumana ndi mpweya n'kupanga kachikopa kolimba, ndipo kachikopa kameneko ndi kamene kamateteza chitsulo chamkati. Sikali ngati dzimbiri la khasu limene limadya mpaka khasu kuboola. Mkuwa ukada umaima pomwepo. Peni ya 1950 yakuda bii ili ndi mkuwa wofanana ndi inzake yowala, pafupifupi magalamu 2.95, ndipo wogula mkuwa amayang'ana sikelo, sayang'ana nkhope ya pulezidenti Lincoln imene ili pa peniyo.

Ndiye viniga amachita chiyani? Asidi wa mu viniga amasungunula kachikopa koteteza kaja, mchere n'kumufulumizitsa. Peni imatuluka yotuwa mofiirira ngati nyama yosapsa, mtundu umene peni yatsopano yochokera kufakitale ilibe, ndipo aliyense wodziwa ndalama amauzindikira ali patali. Choipa kwambiri n'chakuti mchere uli ndi chloride. Chloride imatsalira m'timing'alu, m'mbali mwa zilembo, pakati pa tsitsi la Lincoln. Mwachotsa chishango, ndipo mwasiyapo mdani weniweni wa mkuwa. Peni yotere mukaiponya m'ndowa yachinyezi, pakapita masabata ochepa imabiriwira kuposa poyamba. Tomato sosi, madzi a mandimu, Coca-Cola, zonsezi ndi njira imodzimodzi, asidi basi. Brasso ndi sitiliwulu zimawonjezera kukanda.

Palinso za mtengo wa khobidi kwa osonkhanitsa ndalama zakale. M'ndowa ziwiri simungalephere kupeza mapeni okhala ndi ngala ziwiri za tirigu kumbuyo, amene anapangidwa kuyambira 1909 mpaka 1958. Ambiri mwa amenewa mtengo wake ndi wochepa, masenti angapo, koma pakati pake pali ena amene anthu amawasaka: ya 1909 yokhala ndi S ndi zilembo VDB, imene anapanga 484,000 zokha, ya 1914 yokhala ndi D, ya 1931 yokhala ndi S, ya 1955 imene zilembo ndi chaka zimaoneka ngati zinadindidwa kawiri. Makampani oyeza ndalama monga PCGS ndi NGC akaona kuti khobidi linatsukidwa salipatsa giredi yanthawi zonse, amalemba kuti ndi lotsukidwa, ndipo mtengo umagwa kwambiri. Palibe njira yobwezeretsa. Choncho munthu amene amakhuthulira ndowa yonse m'beseni la viniga asanaone zaka, ameneyo akutchova juga ndi chuma chake popanda chimene angapambane.

Ine ndinene mosabisa: kutsuka mapeni osungira mkuwa ndi kutaya nthawi, ndipo anthu amatsuka chifukwa chofuna kuona ndowa ikuwala, palibenso chifukwa china. Tawerengerani. Bokosi la ku banki la $25 lili ndi mapeni 2,500. Kuti mufike $100 ya mapeni a mkuwa okhaokha muyenera kupatula mapeni 10,000, amene ndi makilogalamu 31.1. Mutsuke onsewo, muwatsukuluze, muwaumitse imodziimodzi kuti asachite mawanga, ndipo pomaliza sikelo ikuuzani nambala yomweyo, mwinanso yocheperapo pang'ono chifukwa asidi wanyambitako.

Ndipo poti tafika pa mkuwa, kodi mukudziwa kuti mapeniwa simungawasungunule? Kuyambira mu Disembala 2006 lamulo la ku America limaletsa kusungunula mapeni ndi ma nickel (makobidi a masenti asanu), ndipo chilango chake chimafika $10,000 kapena zaka zisanu kundende. Lamulo lomwelo limati wapaulendo asatuluke m'dzikomo ndi mapeni ndi ma nickel opitirira $5. Ngati m'mutu mwanu munali maganizo odzanyamula ndowazo pobwera kumudzi, afufuteni. Kusunga n'kololedwa, kugulitsana pakati pa osunga n'kololedwa, koma aliyense akungodikira tsiku limene boma lidzachotse lamuloli. Boma linasiya kupanga mapeni ogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku mu Novembala 2025, itafika poti kupanga peni imodzi kumadya masenti opitirira atatu, ndipo izi zawapatsa osunga chiyembekezo. Chiyembekezo si deti. Mutha kusunga zaka zambiri, ndiye chofunika kwa inu si kuwala kwa lero koma kuti mkuwawo ukhale bwino m'ndowa kwa nthawi yaitali.

Abale a ku Britain amene akuwerenga, inunso nkhani yake ndi yomweyi. Ma 1p ndi 2p opangidwa chisanafike 1992 ndi a bronze, mkuwa magawo 97 pa 100, ndipo atsopano ndi chitsulo chokutidwa mkuwa. Kwa inu n'kosavuta, maginito ndi amene amaweruza. Ndipo amene muli ndi makobidi abowo aja a nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland m'chitini cha agogo, chonde asakhudze viniga.

Kubiriwira kuli mitundu itatu

Apa ndi pamene funso lanu lili ndi nzeru, chifukwa si zobiriwira zonse zimene tinganyalanyaze.

Pali kubiriwira kolimba, kosalala, kwakuda pang'ono, kumene mukakanda ndi chikhadabo sikuchoka. Kumeneko kwakhazikika, sikuyenda. Peni yotere ilowe m'ndowa.

Pali kubiriwira konanda, komata ngati ulimbo. Kumeneku kawirikawiri kumachokera ku timatumba tofewa ta pulasitiki ya PVC, kapena ku zakumwa zotsekemera zimene zinatayikira m'galimoto. Mankhwala ake ndi acetone weniweni wa ku sitolo ya penti, osati uja wochotsera utoto wa zikhadabo, chifukwa ameneyo amasakaniza ndi mafuta ndi zonunkhira zimene zimatsalira pa khobidi. Thirani m'botolo lagalasi lokhala ndi chivindikiro chachitsulo, poti acetone amasungunula mapulasitiki ambiri. Viikani mphindi zisanu mpaka khumi, tsukuluzani mu acetone wina woyera, n'kusiya kuti iume yokha. Acetone sadya mkuwa, amangochotsa zomata. Chitirani panja kapena potsegula mawindo, kutali ndi moto ndi ndudu, amayaka msanga kwambiri.

Ndiye pali kwachitatu, koopsa: ufa wobiriwira motuwa, wofumbutuka, umene ukaupukuta umasiya kadzenje, ndipo pakapita masiku umabwereranso pomwepo. Osonkhanitsa amautchula kuti bronze disease. Chimachitika n'chakuti chloride imene ili mu mkuwa ikakumana ndi chinyezi ndi mpweya imatulutsa asidi, asidiyo n'kudya mkuwa wina, n'kupanganso chloride ina, osaleka mpaka khobidi litafumbwa. Ufawo ukagwera pa mapeni oyandikana nawo m'ndowa yachinyezi, nawonso amayamba. Amenewa ndiwo ofunika kuwachotsa m'gulu lero lomwe.

Ngati yodwalayo ndi peni wamba ya m'ma 1970, musavutike nayo. Ngati ndi ya chaka chosowa, musaikhudze konse, pitani nayo kwa wogulitsa ndalama zakale aione kaye. Ngati ili pakatikati, yoti mukungoikonda, njira yake ndi iyi: chotsani ufa ndi kamtengo kotokosera m'mano, osati singano. Sakanizani soda wophikira ndi soda wochapira muyezo wofanana, mutengepo magalamu 5 n'kusungunula m'mamililita 100 a madzi a distilled (oyeretsedwa kotheratu, opanda mchere uliwonse), chifukwa a pampopi ali ndi chlorine. Viikani, muzisintha madziwo sabata iliyonse kwa masabata angapo, kenako muviike m'madzi a distilled okhaokha kwa masiku ena, muumitse bwinobwino, ndipo muiike payokha mwezi wathunthu kuti muone ngati ufa ubwerera. Dziwani kuti njira imeneyi imatha kusintha mtundu wa khobidi. Ena amakonda mafuta a olive. Amafewetsa dothi, inde, koma amatenga miyezi, amadetsa khobidi, ndipo chloride saichotsa.

Mapeni a zinc ndiwo amaola moipa zedi. Kachikopa ka mkuwa kakangobooka, zinc yamkati imadyeka msanga, peni imatupa timatuza ndi kutulutsa ufa woyera. Mkuwa ukagundana ndi zinc pamalo achinyezi, zinc ndi imene imadyeka, ndipo nyansi zake zimadetsa a mkuwa. M'ndowa ya mkuwa musatsale ya zinc ngakhale imodzi.

Za dothi wamba, matope ouma kapena mchenga: madzi ofunda ndi kadontho ka sopo wotsukira mbale zakwana. Tsukuluzani ndi madzi a distilled, yalani pa thaulo mosasanjikiza, musapukute mokhula, ndipo adikire tsiku lathunthu. Peni imodzi yonyowa yolowa m'ndowa yotseka imaononga kuposa litsiro lonse limene mwachotsa.

Tsono kutaya. Kuwaponya kudzala ayi. Peni yobiriwira ikadali senti imodzi malinga ngati ikuzindikirika. Zodwala ndi za zinc zikulungeni m'mapepala a banki, 50 pa mpukutu, mubweze ku banki, makamaka ina osati imene mumatengako mabokosi, kuopa kuti mungadzalandirenso zomwezo. Makina owerengera makobidi a Coinstar amadula zopitirira 10 pa 100 mukafuna ndalama m'manja, ndipo mapeni ofumbwa kwambiri amawalavula. Okhawo ofumbwa mpaka osaoneka chaka kapena nkhope ndi amene mungawataye mtima uli m'malo.

Otsalawo, akuda ndi ofiirira onse, aikeni m'ndowa za pulasitiki yolimba zokhala ndi chivindikiro chothina, muponyemo timapaketi toyamwa chinyezi ta silica gel tingapo, ndipo muzitisintha kapena kutiumitsanso chaka ndi chaka. Ndowa isakhale pa simenti ya m'chipinda chapansi kapena m'galaja, ikhale pa thabwa m'chipinda chouma. Musadzaze mpaka pakamwa: makilogalamu 20 akwana pa ndowa imodzi, kupitirira apo chogwirira chimathyoka ndipo msana wanu nawo udandaula.