Chikumbu cha nyanga zazitali pa bulugamu: ndi Phoracantha kapena ayi?

Bambo wina wa kwa Santhe ku Kasungu watumiza funso pa imelo. Akuti anadula bulugamu mu Ogasiti kuti amangire chigafa, n'kuunjika mitengoyo ndi makungwa ake. Pano akasenda khungwa akupeza mphutsi zoyera, tinjira todzaza utuchi, ndi zikumbu zoderako za nyanga zazitali kuposa thupi. Akufunsa kuti ndi mtundu wanji, nanga chigafa chidzalimba?

Bambo, mmene mwafotokozeramu tikuganizira Phoracantha, chikumbu chimene mphutsi zake zimaboola bulugamu, koma nyanga zazitali pazokha si umboni. Banja lonse la zikumbu zotere, lotchedwa Cerambycidae, lili nazo, ndipo muli mitundu yoposa 30,000. Chimene chimaulula Phoracantha ndi minga. Gwirani chikumbu chimodzi, masana zimabisala pansi pa khungwa lofunduka, ndipo musadabwe chikayamba kulira tswii tswii m'manja: chimakhuza khosi pa msana basi. Chiikeni m'botolo loonekera, mutenge rula ndi foni yojambulira pafupi.

Yambani ndi nyanga. Nyanga iliyonse ili ndi mfundo 11. Werengani kuchokera kumutu. Kuyambira mfundo yachitatu, mfundo zingapo zotsatizana zimathera ndi kamunga kakuthwa, konga ka mtete koma kakang'ono. Mukayendetsa chala pang'onopang'ono kuchokera kunsonga kubwerera kumutu mumva kukola. Nyanga zosalala kuyambira kumutu mpaka kunsonga, ameneyo si Phoracantha, ngakhale maonekedwe atafanana bwanji. Pa utali musavutike nazo: yamphongo nyanga zimapitirira thupi kwambiri, yaikazi zimangolingana nalo kapena kupitirira pang'ono. Ambiri amayesa mitundu iwiri pamene ali mwamuna ndi mkazi.

Kenako chishango cha pakhosi, pakati pa mutu ndi mapiko. Ndi chokakala, cha timatotomatoto pamwamba, ndipo mbali iliyonse ili ndi munga umodzi. Mapiko olimba akunja aja nawo amathera ndi minga kunsonga, iwiri pa phiko lililonse, wakunja n'kukhala wautaliko. Apa ndi pamene foni imathandiza, chifukwa ndi maso okha mutha kuona umodzi.

Chizindikiro chimene timachikhulupirira kwambiri chili pa mapiko omwewo. Theka lakumutu lili ndi timaenje tambirimbiri, ngati wina wabayabaya ndi singano, pamene theka lakumbuyo ndi losalala, lonyezimira. Dzina la mtundu umodzi wa Phoracantha, loti semipunctata, likunena zomwezo: chobayidwa theka. Thupi lonse, osawerengera nyanga, limakhala pakati pa mamilimita 14 ndi 30. Chikaposa chala chanu chachikulu, chili ndi mano aakulu kutsogolo ndiponso m'mphepete mwa chishango muli ngati sowo, chimenecho n'cha gulu lina la Prioninae. Chiyang'aneninso cham'mbali: mutu wa Phoracantha umaloza kutsogolo mopendekera. Nkhope yoimirira njo, kamwa kuloza pansi, ndi ya gulu la Lamiinae, kumene kuli Monochamus leuconotus amene amaboola khofi ku Misuku.

Mawanga muwaone pomaliza, chifukwa ntchito yawo n'kusiyanitsa mitundu iwiri imene inafika kuno ku Africa. Phoracantha semipunctata ndi woderako kwambiri, ali ndi lamba wachikasu chotuwa wokhotakhota pakati pa mapiko ndi kadontho kumapeto a phiko lililonse. Phoracantha recurva ndi wowala: mbali yaikulu yakumutu ndi yachikasu chotuwa, kuda kumakhala chakumbuyo. Mawangawa amasiyana kuchoka pa chikumbu china kufika pa china, choncho mukakayika tembenuzani nyanga. Recurva ali ndi ubweya wautali wothithikana, wonga golide, kunsi kwa nyanga. Semipunctata ali ndi wochepa kapena alibe. Kwa mlimi kusiyanaku kulibe phindu lalikulu, poti zonse zimadya mofanana, koma n'kwabwino kudziwa mukamauza alangizi a zankhalango.

Kwawo ndi ku Australia, kumene kunachokeranso bulugamu. Semipunctata anapezeka ku South Africa cha m'ma 1906, ndipo lero mitundu yonse iwiri ilipo kuno ku Malawi. N'chifukwa chake mtengo umene mwachipezapo ndi umboninso. Chikumbu chofanana nacho pa mango, mkuyu kapena msuku tingachikayikire msanga.

Mphutsi zokha n'zovuta kuzitchula mtundu, koma tinjira take timalankhula. Yaikazi imaikira mazira pamodzi, makumi angapo, pansi pa khungwa usiku. Akaswa, patatha sabata imodzi kapena awiri, mphutsi zimamwazikana kuchokera pamalo amodzi, tinjira n'kumakula m'lifupi pamene zikukula, todzaza utuchi wothinana. Zikakhwima zimalowa mkati mwa thabwa, kutseka khomo, n'kudzatuluka zili zikumbu pa bowo lobulungira motalikirapo ngati dzira. Timabowo tating'ono tozungulira totulutsa ufa wosalala ngati ufa woyera ndi ta anankafumbwe a mitengo, ndipo dothi lomatidwa pa mtengo ndi chiswe.

Tsopano chigafa. Chimene chinalakwika ndi kuunjika mitengo yaiwisi ndi makungwa ake. Fungo la bulugamu wongodulidwa kumene limaitana zikumbuzi, ndipo mphutsi zimadya kagawo konyowa kapakati pa khungwa ndi thabwa. Mukanasenda m'masiku oyambirira, zikanasowa poikira ndi chakudya. Mitengo yamoyo imene imagwidwa ndi yofooka ndi ludzu, makamaka Okutobala akatentha pa dothi lamchenga. Mtengo wamadzi okwanira umamiza timphutsi tisanalowe, nthawi zina mumangoona utomoni wofiira ukutsika pa khungwa. Kupopera mankhwala n'kutaya ndalama, safika pansi pa khungwa.

Sendani mitengo yonse lero, makungwa muotche, mphutsi mupatse nkhuku. Yanikani mitengoyo pa thandala, isakhudze pansi. Thabwa louma lopanda khungwa Phoracantha saikiramonso, choncho zotsalira mkati zikatuluka nkhani yatha. Nsanamira zonenepa zokhala ndi mabowo apa ndi apo zigwira ntchito. Yoonda ya mabowo oyandikana musaiike ponyamula ndawala za fodya, ikhale nkhuni. Mukafuna chitsimikizo cha akatswiri, ikani zikumbu ziwiri kapena zitatu m'kabotolo ka spiriti, nyanga zisathyoke, mulembe tsiku, mudzi ndi mtengo pa kapepala ndi pensulo, poti inki imasungunuka, mupereke ku ofesi ya zankhalango pa boma kuti akatumize ku FRIM, bungwe lofufuza za nkhalango, ku Zomba.