Funsani Akatswiri: Atikana ku accelerator, kodi tingosiya?

Funso: Akonzi, ine ndi mnzanga timagula tomato ndi ndiwo zamasamba kwa alimi a ku Bvumbwe n'kumakaperekera m'malesitilanti ndi m'malo ogona alendo muno mu Blantyre. Maoda timalandira pa WhatsApp, ndipo tikufuna kupanga app. Tinalembera pologalamu ina ya accelerator (yothandiza mabizinesi atsopano kukula powapatsa maphunziro ndi mpamba), tinafika mpaka pa intavyu, koma sabata yatha kwabwera imelo ya mizere inayi yoti sitinasankhidwe. Chifukwa chake sanatchule. Mnzanga akuti tingozisiya. Kodi ndiye kuti ganizo lathu n'lachabe? Mnyamata wa ku Ndirande

Yankho: Pepani achimwene, zimawawa ndithu, makamaka mukafika pa intavyu. Koma imeloyo isakuuzeni zimene sinanene. Yangonena kuti ulendo uno simunasankhidwe. Y Combinator, accelerator ya ku America imene inayamba mu 2005, imatenga kampani imodzi kapena ziwiri mwa 100 zilizonse zolembera, intavyu yake n'ya mphindi 10 zokha, ndipo eni ake amanena poyera kuti makampani ambiri amene amawatenga anali atawakanapo kale. Pa mphindi zochepa chotero palibe amene angaidziwe bizinesi yanu kuposa inu.

Masiku awiri kapena atatu oyambirira musalembe chilichonse, kaya kwa iwo kaya pa Facebook. Anthu oyendetsa mapologalamuwa kuno ndi ochepa ndipo amadziwana. Amene mwamunyoza lero mudzamupeza pa tebulo lina mawa. Mtima ukakhala pansi, lembani imelo yaifupi yothokoza, n'kufunsa funso limodzi lokha: ndi chinthu chiti chimene chikanasintha maganizo awo? Mukafunsa kuti "tinalakwitsa pati" mudzalandira yankho lachisawawa. Akapanda kuyankha pakatha sabata ziwiri, kumbutsani kamodzi basi.

Kenaka onani ngati munagogoda khomo loyenera. Mapologalamuwa ali mitundu iwiri. Ena amagula gawo la kampani yanu, monga Y Combinator imene imatenga 7 peresenti pa $125,000, choncho amafuna bizinesi yoti ikule msangamsanga n'kufika m'mayiko ambiri. Ena amayendera ndalama za mabungwe othandiza, ndipo amayang'ana ntchito zimene mulembe anthu, alimi amene apindule, achinyamata ndi amayi, komanso ngati mapepala anu ali m'malo. Bizinesi ya tomato wa ku Bvumbwe ikhoza kukhala yaphindu kwambiri koma osakoma kwa gulu loyambalo. Limenelo si vuto la tomato.

Pamene ambiri amagwera ndi pa manambala, ndipo pano tikhalitsapo. Oweruza akafunsa kuti bizinesi ikuyenda bwanji, yankho loti "anthu akuikonda kwambiri" n'chimodzimodzi kukhala chete. Akufuna kumva zinthu zinayi: makasitomala angati analipira mwezi watha, angati mwa iwo anabweranso, mumatsala ndi zingati pa oda imodzi, ndiponso ndalama zolowa zasintha bwanji pa miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi. Tiyerekeze dengu la tomato mwagula K30,000, galimoto kuchoka ku Bvumbwe kufika ku Limbe ndi kabaza wokafikitsa kwa kasitomala zadya K4,000, tomato wophwanyika pansi pa dengu ndi wa K3,000, ndipo wotsalayo mwagulitsa K39,000. Phindu ndi K5,000, osati K9,000 imene ambiri amalemba poiwala mayendedwe. Ndipo ngati lesitilanti ikulipira pakatha masiku 30 pamene mlimi amafuna yake pompopompo, mpamba wanu wagona m'thumba la wina mwezi wathunthu. Woweruza wodziwa malonda amafunsa zimenezi, ndipo mukachita chibwibwi nkhani yathera pomwepo.

Manambalawa akhale ndi umboni. Tsegulani nambala ya Airtel Money kapena TNM Mpamba ya bizinesi yokha, kapena akaunti ya kubanki, kuti ndalama ya tomato isasakanikirane ndi ya chopepesera maliro kapena ya mayunitsi a magetsi. Lembani oda iliyonse tsiku lomwelo, kaya m'kope kaya mu Excel. Ngati bizinesi simunailembetse kuboma ndipo mulibe nambala ya msonkho (TPIN) ya ku MRA, konzani zimenezo tsopano. Mafomu ena amatayidwa pa chifukwa chimenechi munthu asanawerenge n'komwe ganizo lanu.

Za app ija, ife tikuti idikire. WhatsApp ikugwira ntchito, ndipo woweruza akamva kuti ndalama zambiri zipita kwa wopanga app amadabwa kuti vuto lenileni mukulidziwa kodi. Mwina chimene chikukupherani malonda ndi makreti olimba, malo ozizira osungira katundu, kapena galimoto yodalirika m'mamawa.

Tengani fomu imene munatumiza, mupatse munthu wosadziwa bizinesi yanu awerenge chiganizo choyamba chokha, kenaka akuuzeni zimene mumachita. Akalephera, lembaninso. "Timaperekera ndiwo zamasamba m'malesitilanti a mu Blantyre isanakwane 7 koloko m'mawa" imamveka kuposa ndime yonse yonena za kusintha ulimi mu Africa.

Mnzanuyo mukhale naye pansi pa awiri. Kodi watopa ndi bizinesi, kapena ankawerengera ndalama za pologalamu? Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Ngati akuchokadi, gwirizanani polemba za gawo lake, ngongole ndi nambala za makasitomala zinthu zisanafike poipa. Ndipo musathamangire katapila kuti mutseke dzenje la ndalama zimene simunalandire; chiwongoladzanja chake chidzadya K5,000 ija musanaione.

Funso: Kodi n'zololedwa kulemberanso malo amene anakukana? Mayi wa ku Chilomoni

Yankho: Inde mayi, m'mapologalamu ambiri n'zololedwa, koma werengani malamulo awo kaye. Musatumize fomu yakale ija mutangosintha deti. Nenani poyera kuti munalemberapo, n'kusonyeza chimene chasintha: makasitomala anali angati nthawi ija, pano ndi angati. Lemberaninso kwina. Pologalamu ya Tony Elumelu Foundation, imene inayamba mu 2015, imatsegula mafomu pa 1 January ndipo osankhidwa amalandira maphunziro ndi mpamba wa $5,000. Tsatiraninso zolengeza za mHub, malo othandiza mabizinesi atsopano ku Lilongwe, ndi za MCCCI, bungwe la amalonda ku Chichiri. Munthu akakuuzani kuti mumupatse kangachepe kuti akulowetseni pa mndandanda wa osankhidwa, ameneyo ndi tsizinamtole. Fomu ya Tony Elumelu Foundation salipiritsa, mumadzaza nokha pa tsamba lawo la pa intaneti la TEFConnect.