Ndapeza ntchito mumzinda wina, nyumba yotchipa ndiipeza bwanji?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina, dzina sinditchula. Mwachidule anati: "Ndapeza ntchito yanga yoyamba koma ili mumzinda womwe sindinakhaleko, ndikuyamba pakatha masabata atatu ndipo kumeneko ndilibe wachibale olo mmodzi. Ndaona nyumba pa Facebook, zithunzi zake ndi zabwino, lendi yotsika, koma mwini wake akuti nditumize dipoziti lero lomwe chifukwa ena akuifunanso. Nditumize? Nanga nyumba yotchipa munthu amaipeza bwanji kumalo kosadziwa aliyense?"

Achemwali, ndakunyadirani kwambiri chifukwa cha ntchitoyo, sizophweka masiku ano. Koma ndalamazo musatumize chonde. Nyumba yomwe simunalowemo, simunagwire chitseko chake, simunaonane maso ndi maso ndi mwini wake, musaperekepo olo pang'ono. Akuba a pa intaneti njira yawo ndi imodzimodzi kulikonse, amatenga zithunzi za nyumba ya eni ake, kuika lendi yotsika kuposa nyumba zina za dera limenelo, kenako nkuyamba kukuthamangitsani kuti ena akubwera, ndipo mukati ndione kaye amati ndili kutali, kiyi akupatsani mnyamata wanga mukatumiza. Mukangotumiza basi, foni yathimitsidwa. Zithunzizo mutha kuziika pa Google Lens muone ngati sizikupezekanso kwina, nthawi zambiri mupeza kuti nyumba yomweyo ikutsatsidwa m'mizinda iwiri itatu. Palinso ena oti nyumba amakuonetsanidi, kiyi ali nayo, koma si eni ake, ndi munthu woti akusamuka ndipo akutolera madipoziti kwa anthu angapo asanachoke. Nde mukapita kukaona, mufunsenso aneba kuti kodi landilodi wa pano ndi ndani.

Chomwe ndikufuna mumvetse kwambiri ndi ichi, malo oyamba omwe mukafikire si nyumba yanu ayi, ndi pongofikira. Ambiri timalakwitsa pamenepa chifukwa timafuna tsiku loyamba la ntchito litipeze titakhazikika kale, makatani tapachika, nde timalipira nyumba mothamanga tisanaudziwe nkomwe mzindawo. Pezani kachipinda ka masabata awiri kapena mwezi, kaya malo ogona alendo otchipa omwe amalola kulipira pa sabata, kaya kwa munthu wa kuntchito yemwe ali ndi chipinda chongokhala. Zoona, mukawerengera pa tsiku zimaoneka zodula, koma ndalama imeneyo ndi yochepa poyerekeza ndi kumangika miyezi 12 m'nyumba yomwe mwaida sabata yoyamba. Ndipo musachite manyazi kufunsa a HR (ofesi yoona za ogwira ntchito) a kuntchito kwanuko ngati amathandiza anthu ochokera kutali, makampani ena amapereka ndalama yosamukira, ena amalola kutapako salale mwezi usanathe, ena amangokulumikizani ndi munthu. Kufunsa sikuchotsetsa ntchito, paja safunsa anadya phula.

Tsopano nkhani ya kutchipa. Nyumba yotchipa sitiionera pa lendi yokha. Alangizi a zachuma amakonda kunena kuti lendi isapitirire 30% ya zomwe mumapeza, ndipo ine ndimati muwerengere pa ndalama yomwe imalowadi m'thumba msonkho ndi penshoni zitachotsedwa, osati nambala yaikulu ija ya pa kalata yolembedwera ntchito. M'mizinda yodula anthu ambiri amadutsa 30% imeneyi chifukwa palibe kuchitira mwina, koma bola muzidziwa pomwe mwaima. Chomwe chimapweteka anthu mwakachetechete ndi thiransipoti. Mwezi uli ndi masiku a ntchito pafupifupi 22, kupita ndi kubwerera ndi maulendo 44, ndipo ngati mukukwera kawiri kuti mukafike ndiye kuti ndi 88. Tengani mtengo wa ulendo umodzi muchulukitse ndi nambala imeneyo, muphatikize pa lendi, mupeza kuti nyumba ya kutali ija yomwe imaoneka yotchipa yafanana kapena kuposa ya pafupi yomwe mukanamayenda wapansi. Tinene kuti ya kutali ikudya 20% ya salale, thiransipoti 15%, yonse ndi 35%, pomwe ya pafupi ikudya 30% basi. Nthawinso ndi ndalama, ola limodzi ndi theka kupita, chimodzimodzi pobwerera, ndi maola 66 pamwezi muli pamsewu, mukufika kunyumba mutatopa osatha olo kuphika nde mumayamba kugula zophikaphika, ndalama inanso yapita. Google Maps ikuthandizani kuona mtunda, koma yesani nokha ulendowo m'mawa nthawi yomwe aliyense akuthamangira ku ntchito, osati Lamulungu masana msewu uli mbee.

Mwezi woyamba ndi womwe umavuta kuposa yonse, chifukwa dipoziti, lendi yolipiratu (malandilodi ena amafuna ya miyezi iwiri kapena itatu), ya ejenti ngati munadzera kwa ejenti, yonyamulira katundu, zonsezi zimafunika salale isanalowe olo imodzi. Lembani pa pepala, musiyeko ya chakudya ndi thiransipoti ya masabata asanu kapena asanu ndi limodzi, chifukwa malipiro oyamba nthawi zina amachedwa munthu asanalowe bwinobwino m'mabuku a kampani.

Nanga muzisaka kuti? Magulu a pa Facebook ndi WhatsApp ali bwino kuti mudziwe mitengo ya madera, koma nyumba zabwino zotchipa zambiri sizifika nkomwe pa intaneti, zimatengedwa pakamwa, wina akusamuka amauza mnzake. Nde mukayamba ntchito uzani aliyense kuti mukusaka nyumba, ndipo musangouza mabwana okhaokha, iwowo akulozerani madera a saizi ya thumba lawo. Funsani alonda, madalaivala, amayi okonza muofesi, anthu amenewa mzinda amaudziwa mpaka tinjira tachidule, amadziwa dera lomwe madzi savuta, lomwe mvula ikagwa msewu sudutsika, lomwe sumayenda usiku. Loweruka valani nsapato zabwino muyende wapansi m'madera awiri atatu omwe mwasankha, muzifunsa ogulitsa m'timashopu ndi kuona zikwangwani pa mageti, makamaka chakumapeto kwa mwezi pomwe anthu amasamuka. Maejenti alipo achilungamo, koma mugwirizane kaye kuti atenga zingati ndipo alandira nyumba ikapezeka, osati muzingolipira yokaonera tsiku ndi tsiku nyumba zake zosakhalika.

Kukhala awiri nyumba imodzi ndi njira yachangu yodulira lendi pakati, ine ndinakhalapo choncho zaka ziwiri ndipo zinandithandiza kusunga. Kungoti mukambirane zisanayambe, mabilu, alendo ogona, kutsuka mbale, komanso wina akafuna kuchoka azinena liti.

Mukapita kokaona nyumba musangoima pakhomo nkumati ndiyokongola. Ine ndinaphunzira mowawa. Nyumba yanga yoyamba ndinaiona masana dzuwa likuswa mtengo, penti watsopano, lendi yabwino, ndinalipira tsiku lomwelo mtima uli m'malo. Nditalowa mpamene ndinadziwa kuti mita ya magetsi ndi imodzi nyumba zinayi, aliyense amapereka mofanana pomwe ine ndimachoka m'mawa kubwera usiku ndipo anzanga ena amaphikira ndi kusitira tsiku lonse, ndiye mvula yoyamba itagwa penti uja anayamba kutupa, kuseri kwake kunali nkhungu ndipo zovala zanga zonse zinayamba kununkha chinyontho. Dipoziti sindinaionenso chifukwa panalibe pepala lililonse, landilodi anangoti khomalo mwaononga ndinu. Mpaka lero zimandiwawa, nchifukwa chake ndikukulemberani zambiri chonchi. Tsegulani mpopi muone mphamvu ya madzi, mufunse aneba ngati amatuluka tsiku lonse. Gujumulani toileti. Yang'anani kudenga ngati kuli mabanga a madzi, nunkhizani m'makabati. Tengani chaja muyese masoketi, muonenso netiweki ya foni muli m'chipinda chogona osati panja. Mufunse ngati mita ndi yanu nokha komanso ngati wotuluka sanasiye ngongole ya madzi kapena magetsi, chifukwa ngongole yoteroyo imakonda kugwera wolowa. Kenako mubwerenso kachiwiri kutada, mumve phokoso, muone ngati njira yochokera pomwe mumatsikira basi ili ndi magetsi komanso anthu, poti inu ndi mtsikana ndipo masiku ena muziweruka mochedwa, ichi musachitenge mopepuka. Ngati nkotheka pitani ndi munthu wina, ndipo mukalowa mupemphe kusintha loko.

Lendi imanenereredwa, ambiri sadziwa. Nyumba ikakhala mwezi opanda munthu landilodi ndi amene akuluza, nde mukamuonetsa kalata ya ntchito nkumuuza mwaulemu kuti mudzalipira pa tsiku lake mwezi ulionse, ambiri amatsitsako pang'ono, kapena kulola kuti dipoziti muipereke m'magawo awiri. Akakana palibe chomwe mwataya.

Zonse zomwe mwagwirizana zilembedwe, olo nyumbayo ikhale kachipinda kamodzi. Pepalalo linene lendi ndi zingati, tsiku lolipira, notisi ndi ya nthawi yaitali bwanji mbali zonse ziwiri, lendi ingakwezedwe liti, chikaonongeka akonza ndani, ndipo dipoziti idzabwezedwa bwanji. Malamulo a za lendi ndi dipoziti amasiyana dziko ndi dziko nde muwerenge a komwe muliko musanasaine. Kumbukiraninso kuti ntchito zambiri zimayamba ndi pulobeshoni, nthawi yokuyesani kaye, ya miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, ndiye kusaina kontilakiti ya chaka chonse yopanda potulukira ndi kudzimanga, pemphani kuti mukhale mawu oti mutha kuchoka mutapereka notisi ya mwezi umodzi. Tsiku lolowa, katundu asanatsitsidwe, jambulani chilichonse, makoma, magalasi osweka, manambala a pa mita, muwatumizire a landilodi pa WhatsApp kuti deti lioneke. Polipira dzerani ku banki kapena pa foni kuti pakhale umboni, ndipo ngati akufuna kashi alembe lisiti nthawi yomweyo, osati mawa.

Katundu musamugule pa ngongole mwezi woyamba, matilesi, pophikira, mapoto awiri ndi ndowa zikukwanirani, zina muzigula pang'onopang'ono ndipo za kaunjika kapena zogula kwa anthu osamuka zilibe vuto.

Uja wa pa Facebook muyankheni lero lomwe, mungoti ndifika tsiku lakuti, ndidzaione kaye nyumbayo ndipo ndikaikonda tidzasainirana ndi kulipira pompo. Akavomera, pitani ndi munthu masana. Akayamba zoti ali kutali kapena ena atenga mawa, asiyeni atenge, inu muimbire a HR Lolemba muwafunse za pofikira masabata awiri oyambirira.