Malikisi opatsana pa gulu, amayeza ntchito kapena pakamwa?

Mlongo wina wa ku Chibavi wandilembera imelo, akuti pa asaimenti ya pa gulu alekichala awauza kuti aliyense apereke malikisi kwa anzake, koma pali mmodzi sanalembepo kanthu, ndiye amupatse zingati? Achemwali, funso lanuli landigunda pa chilonda.

Chaka cha Covid chija, 2020, sukulu zitatsekedwa mu Malichi, ndinkachita kakosi ka pa intaneti ndipo gulu lathu linali pa WhatsApp. Munali bambo ena achikulire, ahedi kusukulu kwawo, ntchito yawo inali kutumiza ma voice note ataliatali, kuyamba ndi moni, kufunsa za kunyumba, kenako "pitirizani ana anga mukuchita bwino", basi yathera pomwepo. Tsiku lopatsana malikisi anakolola 9 pa 10. Ndani angalembe 3 pa dzina la munthu wamsinkhu wa bambo ake? Pomwe mtsikana wina wa ku Ekwendeni, amene ankangotulukira pakati pa usiku poti foni inali yobwereka kwa achimwene ake ndipo bandulo yausiku ndiyo yotchipa, analemba theka la lipoti yekha koma anamupatsa 6, ati sankatenga nawo mbali pa zokambirana.

Ndiye ine ndinene mosabisa, malikisi opatsana popanda umboni amayeza amene ali ndi bandulo ndi amene ali ndi pakamwa. Kuwerenga mameseji pa gulu ndi chibwana, wina amangoponya "noted" ndi kachala kokweza tsiku lonse nkumaoneka wakhama. Komanso alekichala ena amangotengera njirazi kumayiko komwe Wi-Fi ili paliponse, osaganiza kuti ophunzira a ODL (maphunziro ochitira kutali ndi sukulu) ambiri ndi aphunzitsi akumidzi, netiweki mpaka akakwere pachulu, ngakhale muno mu Mzuzu magetsi akathima ku Mchengautuwa foni yafa, munthu wasowa tsiku lonse. Za mtengo wa ma power bank ku msika wa Taifa ndisayambe nkomwe.

Nanga inuyo mutani

Mnzanu sanalembepo kanthuyo muimbireni foni kaye, osamuyalutsa pa gulu, mumve chavuta nchiyani. Ngati munalembera pa Google Docs tsegulani version history, imaonetsa analemba ndani ndipo liti. Pa Moodle, pulogalamu yophunzirira pa intaneti, ngati mukugwiritsa ntchito Workshop, gawo lake lopatsirana malikisi, alekichala atha kubisa mayina a opereka malikisi, apempheni. Akakhala kuti mnzanuyo analibe vuto, ulesi chabe, mpatseni zochepazo ndipo mulembe chifukwa chake m'chiganizo chimodzi.